Chitetezo changa sichinatsike ayi

## Choko chosachoka

Masabata atatu oyamba ndinkangoti ndi choko. Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, nde zala zanga tsiku lililonse zimakhala mbuu, ndikaweruka ndimangosamba m'manja basi zatha. Koma kadontho kena pachala chamkombaphala, m'munsi mwa chikhadabo, kanakana kuchoka. Ndinakwecha ndi sopo, ndinakwecha ndi chinkhupule, ayi ndithu. Kenako tinatsekera, holide yonse osagwira choko, kadontho kaja m'malo mochoka kanabereka kanzake pachala chapakati. Munali mu 2019 umo, mwana wanga wachiwiri ali ndi miyezi 7. Pofika Khirisimasi zinali zitakwera pakona ya mlomo ndi m'munsi mwa diso lakumanzere. Zoti matendawa dzina lake ndi vitiligo ndinadzadziwa mochedwa.

Pakhungu lakuda bii ngati langali banga loyera limaonekera patali, munthu asanakupatse moni maso ake afika kale pamlomo. Ndipo aliyense anali ndi dzina lake la matendawa. Wina amvekere zikanga, wina khate, mayi wina mu minibasi anachita kundiuza mosapsatira kuti kirimu woyeretsa khungu wandipsereza, chonsecho ine chibadwire sindinadzolepo. Ku chipatala chaching'ono cha kwathu anandiyang'ana mphindi imodzi n'kundilembera kirimu wa zikanga, ndinadzola miyezi iwiri palibe chinasintha.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi mawu amene ndinawamva mu stafu rumu, anzanga awiri akunong'onezana poganiza kuti ndatuluka. "Chitetezo chatsika ameneyu." Aliyense wokulira kuno akudziwa chimene mawu amenewo amatanthauza. Ndinali nditayezetsa kawiri ku sikelo, ndinakayezetsanso kachitatu chifukwa cha mawu amenewo. Olo zikanakhala choncho si nkhani yonong'onezana, msuweni wanga wakhala pa ma ARV zaka zoposa 10 ndipo ali ndi mphamvu kuposa ine. Chimene chinkandidya ine n'choti thupi langa likusintha pamaso pa anthu ndipo aliyense ali ndi yankho kupatula mwini wakene.

## Mphini

Apongozi anga, amene ndimangowatchula kuti amayi, anapirira miyezi ingapo kenako tsiku lina madzulo anandikhazika pakhonde. "Amake mwana, izi si za kuchipatala izi. Mawa tilawire." Ndinapita, sindibisa. Munthu ukaona nkhope yako ikuchoka pang'onopang'ono pagalasi umapita kulikonse kumene wokukonda wakulozera, ndipo amayi amandikonda, zimenezo sindinakayikepo.

Asing'anga aja ananditema mphini 6 kuseri kwa mkono wamanja, pamene pamakhala wotchi, n'kutikitapo mankhwala akuda ngati makala. Panalibe banga lililonse pamenepo, khungu linali labwinobwino. Patatha mwezi tizilonda tija tinapola, koma mphini iliyonse inapola yoyera. Timizere 6 toyera mbee, tondondozana ngati wina wachonga ndi choko pa bolodi. Amayi atakawauza, asing'anga anatumiza mawu oti ndi chizindikiro chabwino, matenda akutuluka, ndibwerenso adzateme kwina. Sindinabwerere. Ndinayamba kuvala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala.

## Azimitsa magetsi

Amene anandikoka kupita ku kiliniki ya khungu pa chipatala chachikulu ndi abambo akunyumba, patatha chaka ndi theka. Tinakhala pa benchi kuyambira 7 koloko mpaka kudutsa 11. Adokotala ake anali bambo wachikulire, woyankhula pang'onopang'ono ngati sakuona mzere umene uli panja.

Choyamba anatenga kathonje n'kundiuza kuti nditsinzine, ndizinena ndikamva kukhudza. Pachala, ndamva. Pamlomo, ndamva. M'munsi mwa diso, ndamva. "Khate silimenelo mayi," anatero, "banga la khate limachita dzanzi, simukanamva." Chaka ndi theka cha mantha chinathera pa kathonje ka K10.

Kenako anatseka katani, anazimitsa magetsi n'kuyatsa kanyali ka buluu kamene amati Wood's lamp. Abale, sindidzaiwala. Manja anga mumdima muja anawala ngati nsalu yoyera ya ku tchalitchi, banga lililonse malire ake kuoneka bwinobwino, ndiponso timadontho tina tambirimbiri ting'onoting'ono ngati ufa wowazika, timene masana sindinkationa n'komwe. Anakweza mkono wa malaya anga, nyali ija inagwera pa timizere tija. Anakhala chete pang'ono.

"Munatemedwa mphini apa."

Ndinayang'ana pansi. Sanandikalipire, anangogwira mkonowo n'kuwerenga, imodzi, ziwiri, mpaka 6. Anati matendawa dzina lake ndi vitiligo, munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 padziko lonse ali nawo, sapatsirana, ndipo mphinizo zayera chifukwa matendawa akakhala kuti ali pa liwiro, paliponse pamene khungu lavulala pamayera, kaya ndi lezala, kaya kupsa ndi mbaula, kaya lamba wothina. Anati zimenezo zimatchedwa Koebner, dzina la dokotala wa ku Germany amene anazifotokoza kalekale m'ma 1870 pa nthenda ina ya khungu. Kenako ananena mawu aja: "Ndi vuto la chitetezo cha mthupi."

Mtima unangoti phwii. Ndinayankha mokweza kuposa mmene ndinkafunira, "Adokotala ndinayezetsa katatu ine!"

Anayatsa magetsi n'kukhala pansi. "Mayi, chitetezo chanu sichinatsike ayi. Chilipo, champhamvu zedi. Munaonapo mumsika munthu akakuwa kuti wakuba?" Ndinati eya. "Amene amathamanga aja amafunsa kuti waba chani?" Ndinati ayi. "Woyamba akuwa, a m'mbali alandira mfuu, akutali amva abwera ndi miyala, akafika nawonso akuwa. Nthawi zina wogwidwayo sanabe kanthu. Pakhungu panu pakuchitika zimenezo. Wogwidwayo ndi selo lopanga mtundu wa khungu. Ife ntchito yathu si kuwonjezera anthu othamanga, ndi kuletsa mfuu."

Ine amene ndakhala ndikuphunzitsa ana a Fomu 4 za asilikali a mthupi zaka zonsezi, ndinali ndisanaganizepo kuti asilikaliwo amayankhulana, ndipo kuti matenda angakhale m'kuyankhulanako.

## Mfuuyo ili ndi dzina

Ndinathera mabandulo ambiri usiku kufufuza zimene adokotala aja anandiuza m'mphindi 10, ndipo ndikufuna ndizilembe m'Chichewa chifukwa ndinazisowa m'Chichewa.

Mtundu wa khungu lathu umapangidwa ndi maselo otchedwa melanocyte, amakhala pansi pa khungu lakunjali n'kumagawira anzawo utoto wotchedwa melanin. Maselo oyandikana nawo, amene ndi ambiri pakhungu, ndi ma keratinocyte. Tonse kuno timadziwa CD4 chifukwa cha mliri wa HIV, koma CD4 ali ndi m'bale wake, CD8, amene ntchito yake ndi kupha maselo olowedwa ndi vairasi kapena oyamba khansa. Mu vitiligo ma CD8 ena amatenga melanocyte ngati mdani.

Koma CD8 mmodzi sangayeretse dzanja lonse. Chimene chimakulitsa banga ndi uthenga. Maselo amatumizirana timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma cytokine, ndipo wamkulu pa nkhani yathuyi ndi interferon gamma. CD8 akapeza melanocyte amatulutsa interferon gamma, imeneyo nde mfuu yoyamba ija. Ma keratinocyte a m'mbali ali ndi polandirira uthengawu, ndipo mkati mwawo muli timapuloteni tiwiri, JAK1 ndi JAK2, timene timaulandira pakhomo n'kuupatsira puloteni ina yotchedwa STAT1, iyoyo n'kuufikitsa pakatikati pa selo. Zikatero keratinocyte imayamba kutulutsa mauthenga ake, CXCL9 ndi CXCL10. Awawa ali ngati fungo la nyama yowotcha, amafalikira kuchoka pabanga kupita kumitsempha ya magazi, ndipo ma CD8 odutsa m'magazi ali ndi mphuno yake yonunkhizira, dzina lake CXCR3. Amatsata fungolo, afika pakhungu, apeza melanocyte wina, atulutsa interferon gamma wina, ma keratinocyte akuwanso. Zimangozungulira choncho banga likunka likula.

Gulu la Dr John Harris ku University of Massachusetts ku America ndi limene linaonetsa zimenezi bwino. Mu 2014 anasindikiza zoti mbewa za vitiligo zikatsekeredwa CXCL10 matenda amaima, mpaka mtundu kuyamba kubwerera. Ndinawerenga chiganizo chimenecho kangapo. Sanaphe msilikali aliyense, anangotseka pakamwa pa olandira mfuu.

Nanga woyamba kuloza melanocyte ndani? Kupanga melanin ndi ntchito yotopetsa selo, kumasiya zinyalala zowotcha mkati mwake, ndipo ma melanocyte a anthu ena mwachibadwa sapirira bwino. Akapanikizika amatulutsa zizindikiro zoti kuno zavuta, chimodzi mwa izo ndi puloteni yotchedwa HSP70, nde chitetezo chimabwera kudzaona. Khungu likachekedwa zizindikiro zoterezi zimachuluka malo amodzi. Ndi mmene ndinamvetsera mphini zanga: lezala lililonse linali kuitana. Asing'anga ankati matenda akutuluka, pamene anali akuwaitanira malo atsopano.

Ndipo interferon gamma si woipa ayi. Ndi mfuu yomweyo imene thupi limadalira polimbana ndi TB, ana obadwa opanda polandirira uthengawu amadwala modetsa nkhawa ndi tizilombo ta mtundu wa TB. Sungaifafanize thupi lonse. Umafuna uitontholetse pakhungu pokha.

## Ma booster

Apa nde pamene ndimapsa mtima. Chiyambireni matendawa ndagulitsidwa kapena kutsatsidwa chilichonse cholembedwa kuti chimakweza chitetezo, ufa wa masamba, tiyi wa m'mapaketi okongola, makapusozi a K45,000 botolo ochokera kwa mnzanga wa ku tchalitchi amene analowa bizinesi ya pa WhatsApp. Ndinagula mabotolo awiri ndisanakumane ndi adokotala aja, ndalama ya fizi ya mwana. Onse amayamba ndi mawu amodzi, chitetezo chanu chafooka. Ndikumvetsa kumene tinawatenga, zaka 30 takhala tikuphunzitsidwa kuti chitetezo ndi nambala, ikakwera uli bwino ikatsika wadwala, ndipo pa HIV phunziro limenelo linapulumutsa anthu ambiri. Koma pa vitiligo silikugwira.

Umboni wake ulipo woonekeratu. Kunja kuli mankhwala a khansa ya pakhungu ya melanoma, monga pembrolizumab ndi nivolumab, amene ntchito yake ndi kumasula mabuleki a ma CD8 kuti aphe khansa. Amenewo nde okweza chitetezo enieni. Odwala ena akawalandira amatuluka mabanga oyera ngati angawa, chifukwa melanoma imachokera ku melanocyte nde asilikali aja samasiyanitsa, ndipo madokotala anaona kuti otuluka mabangawo kawirikawiri khansa yawo imamva mankhwala bwino. Nde tangoganizani, ufa wa m'botolo uja ukanakhala kuti umachitadi zimene analemba, bwenzi ukundiyeretsa kwambiri. Mwayi wanga unali woti sunkachita kanthu.

Chimene adokotala anandiyeza m'malo mwake ndi chithokomiro, chifukwa anthu ena a vitiligo chitetezo chawo chimalimbananso ndi chimenecho. Changa chinali bwino.

## Timadontho takuda

Anandipatsa kirimu wa steroid wamphamvu wodzola m'manja, mopumira chifukwa amapyapyalitsa khungu, ndi wina wa kumaso wotchedwa tacrolimus amene tinachita kuitanitsa kudzera ku famase ya mtauni. Onse awiri ntchito yawo ndi kuchepetsa mauthenga amene asilikali aja amatulutsa. Anati ndiziwothera dzuwa la m'mawa mphindi zochepa, osati la masana, chifukwa khungu loyerali limapsa msanga. M'maiko ena amagwiritsa ntchito makina a kuwala kotchedwa narrowband UVB, kawiri kapena katatu pa sabata.

Miyezi itatu palibe. Mwezi wachinayi m'mawa wina ndikutsuka mano ndinaona m'munsi mwa diso timadontho takuda ngati nthangala za bonongwe, mkati mwa banga loyera. Ndinaitana abambo akunyumba mkamwa muli thovu. Dontho lililonse linali pamene pamera katsitsi. Kumizu ya tsitsi kumabisala maselo amene amabereka ma melanocyte atsopano, asilikali aja nthawi zambiri samawafikira, nde mfuu ikachepa amatuluka n'kuyamba kufalikira pang'onopang'ono mpaka timadontho tilumikizane. N'chifukwa chake kumaso kumamva mankhwala msanga, pamene nsonga za zala ndi milomo, kumene kulibe tsitsi, kumavuta kwambiri. Pofika miyezi 10 banga la m'munsi mwa diso linali litatsekeka. Zala sizinasinthe.

Nde ndinasiya kudzola. Chubu chinatha, mtengo unali utakwera, nkhope inali bwino.

## Malo omwewo

Patatha miyezi 5 banga lija linabwerera. Chimene chinandiopsa si kubwererako koma kuti linabwerera malo omwewo, maonekedwe omwewo, kakona kake kaja koloza kukhutu kalinso pompo, ngati wina anasunga mapu. Ndinalira kuposa poyamba. Amayi anangoti "mwaona, tinanena," osati mwankhanza koma mwa mantha, chifukwa kwa iwo chinthu chobwerera pakhomo pomwe chinachoka ndi chotumidwa. Ineyo ndinkadziimba mlandu, mwina ndi nkhawa za mayeso, mwina ndi nsomba ndinadya, mwina sopo.

Yankho linali ku gulu la Harris lomwe lija, mu kafukufuku wa 2018. Ma CD8 ena nkhondo ikatha sabwerera m'magazi, amamanga msasa pakhungu pomwepo n'kukhala zaka. Amatchedwa resident memory T cells. Kirimu amawakhazika chete koma samawachotsa. Ndipo chimene chimawasunga amoyo ndi cytokine ina, IL-15, imene ma keratinocyte a m'mbali amawapatsa tsiku ndi tsiku ngati mmene mudzi umaperekera nsima kwa alonda. Ma melanocyte atsopano akabwera mankhwala atasiyidwa, alonda aja amadzuka, interferon gamma, CXCL9, CXCL10, zonse kuyambiranso pamalo enieni aja. Pa mbewa, atatseka polandirira IL-15 potchedwa CD122, alonda aja anatha pakhungu ndipo mtundu unakhalitsa olo mankhwala atasiyidwa. Kwa anthu njira imeneyi akadali kuyesa.

Mapu aja analipodi, koma sanasungidwe ndi mfiti kapena ndi nsomba. Ndikanadziwa bwenzi nditachita zimene ndikuchita pano. Ku France mu 2015 anaonetsa kuti mwa anthu amene mtundu unabwerera n'kusiya mankhwala, pafupifupi 40 mwa 100 mabanga anabwerera, pamene amene anapitiriza kudzola tacrolimus kawiri kokha pa sabata anali pafupifupi 10 mwa 100. Kawiri pa sabata basi. Chubu chimodzi chikanandifikitsa kutali.

## Mankhwala alipo, koma kuti?

Mu 2015 Dr Brett King wa ku yunivesite ya Yale ku America anapatsa mayi wa zaka 53 mankhwala a nyamakazi otchedwa tofacitinib, amene amatseka ma JAK aja a pakhomo la selo, ndipo patatha miyezi 5 kumaso ndi m'manja mtundu unali utabwerera pafupifupi wonse. Mu Julaye 2022 ku America anavomereza kirimu wa ruxolitinib, dzina la malonda Opzelura, woyamba kuvomerezedwa kuti abwezeretse mtundu pa vitiligo, kwa a zaka 12 kupita m'tsogolo. Amatseka JAK1 ndi JAK2 pakhungu pomwepo, ma keratinocyte osamvanso mfuu. Poyesa, pafupifupi 30 mwa 100 nkhope inabwerera mbali yaikulu pa masabata 24, ndipo pafupifupi theka pakutha kwa chaka. Si onse, ndipo ukasiya akhoza kubwerera chifukwa alonda a IL-15 aja alipobe.

Chubu chimodzi ku America chinayamba pa mtengo wa madola pafupifupi 2,000. Ine ndi mphunzitsi wa boma. Zimandiwawa chifukwa amene matendawa amawaonekera kwambiri, amene amatchedwa akhate mu minibasi, amene maukwati amagwedezeka, ndi ife akhungu lakuda. Ngakhale tsiku lokumbukira vitiligo padziko lonse, 25 Juni, mmodzi mwa amene analiyambitsa mu 2011 ndi mayi wa ku Nigeria, Ogo Maduewesi, ku Lagos. Pali anthu ngati Leleti Khumalo, katswiri wa mafilimu wa ku South Africa, amene anasiya kubisa mabanga awo, ndimawalemekeza kwambiri, ndipo amene sakufuna mankhwala ndi ufulu wake. Ine ndimafuna nkhope yanga, ndipo sindiona chifukwa choti kusankha kumeneko kukhale kwa a ku America okha.

## Lachitatu ndi Lamulungu

Ndinayambiranso tacrolimus, banga la m'munsi mwa diso linatsekekanso patatha miyezi 8, pano ndimadzola Lachitatu ndi Lamulungu usiku osaphonya. Pamlomo pali theka. Zala zinayi ndi zoyera mpaka pa mfundo yachiwiri ndipo ndinasiya kulimbana nazo. Temu yatha pophunzitsa Fomu 4 za chitetezo cha mthupi ndinapinda manja a malaya n'kujambula pa bolodi melanocyte, keratinocyte, CD8 ndi mivi yozungulira, mtsikana wina wakumbuyo amene samayankhula mkalasi anatsalira anzake atatuluka n'kundionetsa banga kuseri kwa khutu lake, limene amalibisa ndi tsitsi chiyambire Fomu 1. Ndinamulembera tsiku la kiliniki ya khungu n'kumuuza kuti wina asamuteme.

Amayi ndinawafotokozera nkhani ya wakuba mumsika tili pakhonde lomwe lija, tikusenda mtedza. Anamvetsera mpaka kumapeto osadula. Kenako anapukuta manja pachitenje, anagwira mkono wanga n'kuutembenuza, chala chawo chikuyenda pa timizere tija kamodzikamodzi.

"Nde izi ndinakuitanirani ndine, amake mwana."

Ndinati ayi amayi, munkafuna ndichire. Sanayankhe. Mphini ziwiri zakumapeto, pamene pali titsitsi, zayamba timadontho takuda, ndinawaonetsa, anayandikitsa maso chifukwa kunali kutayamba kuda. Lamulungu lotsatira cha m'ma 8 usiku foni inalira, anali iwo, kufunsa ngati ndadzola.